Nsapato Zogula ndi Kabango

Senderani kuno nonse, musaime pakhomo ngati anthu odzapala moto. Iwe Tiwonge, popeza ndiwe wapempha nkhani yoti ukaike m'buku, khala apa pafupi ndi bondo langa, ulembe mmene ndikunenera, usandikonzere mawu. Ndikuchenjezeretuni: nkhani iyi ndikaiyamba mtima umatentha. Mukamva mawu akukwera, musati ndikukalipira inu.

Ndikukumbukira chaka chimene ankhazi anga anabwera kudzanditenga kwathu ku Nkhata Bay. Ankhazi ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, ndipo kwathu mawu a ankhazi sabwezedwa. Zaka zanga sindinkaziwerenga, koma ndinali ndisanathe msinkhu. Anauza bambo kuti mwanayu Malita akungokulira pa thandala la usipa, kuli bwino amutenge ku Mzuzu akalowe sukulu pamodzi ndi mwana wawo Lusungu. Bambo anavomera ankhazi asanamalize n'komwe. Kwathu munthu wodziwa kulemba ankamupatsa mpando akuluakulu atakhala pamphasa. Mayi anandimangira ufa wa chinangwa m'kansalu, nandiperekeza mpaka pokwerera basi akuuza aliyense wokumana naye kuti mwana wawo akupita kusukulu.

Sukuluyo ndinkangoionera kunja kwa mpanda. Titafika ku Katoto ankhazi anati chaka chafika kale pakati, ndidikire china. China chitafika anati fizi yavuta, ndidikirebe. M'mawa uliwonse ndinkasita yunifolomu ya Lusungu ndi simbi yamakala, iye n'kunyamuka ndi mabuku, ine n'kunyamuka ndi chikwanje ndi chingwe kupita ku Kaning'ina kukatola nkhuni. Lusungu sindimuda ayi. Anali mwana ngati ine, ndipo masiku ena ankandisungira theka la chigumu chake. Koma theka la chigumu si sukulu.

Tsopano taonani mapazi angawa. Musachite manyazi, yang'anani. Ndinabadwa nawo otambalala ngati a bambo anga, kenaka mchenga ndi miyala ya kwathu zinamaliza ntchito. Zala zake zimakhala motalikirana, chilichonse pakhomo pake, ngati abale okangana. Ana a ku Katoto ankanditchula Nkhafi, ankati ndikagwera m'madzi sindifunika bwato. Amuna awo a ankhazi, bambo Chirwa, amene anali kalaliki ku ofesi ya boma, ankaseka kuti khitchini yawo siifunika kuzira, Malita angoyendamo kawiri dothi lakhazikika. Ine sindinkakwiya nazo. Mapazi amenewa anali asanandilakwirepo, ndipo nsapato ndinali ndisanavalepo chibadwire.

Bambo Chirwa atagula njinga yatsopano, yakale anaitsamiritsa kuseri kwa khitchini, ndipo ankhazi sanachedwe kuona kuti njinga imanyamula nkhuni zambiri kuposa mutu wa mwana. Inali yachimuna, yakuda, yolemera ngati chitseko cha tchalitchi. Mphira za m'mapedulo zinatha kalekale, kunangotsala tizitsulo tiwiri tosalala. Pa chishalo sindinkafika, komanso mtsikana wa masiku amenewo sakanayerekeza kuponya mwendo pamwamba pa chitsulo chapakati anthu akuona. Anyamata a chipani akanakuyendetsa mpaka ku ofesi kwawo ukafotokoze amene anakulera. Choncho ndinaphunzira kupalasa chamkati: mwendo wamanja kuulowetsa pansi pa chitsulocho, thupi lonse kulendewera kumanzere, njinga itapendekera kwina iwe kwina. Wopalasa chamkati sakhala pansi. Thupi lonse limaima pa mapazi, ndipo chimene chimakugwira kuti usagwe ndi zala. Zanga zinkafumbata kachitsulo kaja ngati dzanja. Kugwe mvula, kuchite chifunga, kukhale matope ofiira aja a kuno, sindinatererekepo.

Pobwera ku nkhalango ndinkakankha pa zitunda, mtolo utandipitirira mutu, n'kumakwera potsika pokha. Koma popita, njinga ilibe katundu, ndinkauluka. Imeneyo ndiyo inali nthawi yanga ndekha pa tsiku lonse, mphepo yozizira ikundiliza misozi, palibe wondituma.

Tsiku lina ndikuuluka choncho ndinapitirira bambo wina wa jekete amene ankalimbana ndi chitunda pa njinga yonyezimira. Anandiitana. Ndinaganiza kuti ndalakwa kupitirira wamkulu, ndinatsika n'kugwada m'mbali mwa msewu. Anali a Munthali, aphunzitsi aakulu a sukulu imene ankapita Lusungu. Anandifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndili sitandade chiyani. Nditayankha kuti sindili pasukulu anapukusa mutu, nati dzuwa likapendeka abwera kunyumba.

Anabweradi. Ankhazi anatulutsa makapu a alendo. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndikusenda chinangwa, makutu ali m'nyumba. A Munthali anafotokoza kuti pa chikondwerero cha chaka chimenecho, ku bwalo lalikulu kudzabwera nduna yochokera ku likulu, ndipo kuwonjezera pa magule ndi masewera a nthawi zonse, kwakonzedwa mpikisano wa njinga wa atsikana a m'sukulu. Iwo analibe mtsikana wotha kupalasa kupitirira pa mpanda osagwa. Anati ndikapalasira sukulu yawo n'kuchita bwino andilemba sitandade wani, yunifolomu adzaona okha, za fizi adzakambirana ndi a komiti. Ankhazi anafunsa kuti nanga nkhuni azitola ndani. A Munthali anaseka, nati nkhuni zilibe miyendo, Loweruka lilipo. Bambo Chirwa anavomera, pakuti wa jekete sakaniza wa jekete mnzake m'nyumba mwake.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkatsuka mbale ndikuimba. Lusungu anandiuza zonse za sitandade wani, kuti ndidzakhala ndi tiana tofika m'chiuno mwangamu, tidzandiseka. Ndinati tiseke, bola ndili m'kati.

Koma panali lamulo. Atcheyamani a chipani a dera lathu analengeza kuti aliyense wodutsa kutsogolo kwa nsanja ya alendo avale nsapato. Ankati phazi lopanda nsapato ndi la nthawi ya atsamunda, ndipo wodutsa nalo pamaso pa nduna ndiye kuti akunena kuti boma silinawachitire kanthu anthu ake. Ana inu simungamve kulemera kwa mawu amenewo. Masiku amenewo munthu ankasowa chifukwa cha mawu opepuka kuposa awa, ndipo a pakhomo pake sankalira mokweza.

Ndiye ankhazi anachita zimene aliyense ankachita. Mwana sankapita naye kusitolo. Ankakuimika pabwalo, n'kutenga kabango, kuyeza kuyambira ku chidendene mpaka ku chala chachikulu, n'kuthyola. Kabangoko ndiko kankapita m'tauni, kukalowa m'nsapato imodziimodzi mpaka katapeza imene kagonamo bwino. Ena ankatumiza timabango totere mpaka ku Joni kwa abale awo, nsapato n'kumafika mwana atakula kale. Ankhazi anandiimika, nayeza, nathyola. Ndinawafunsa mwaulemu ngati sayezanso chopingasa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana, nafunsa kuti phazi linayamba liti kuyezedwa ngati munda.

Bambo Chirwa anabwera nazo nsapatozo kuchokera ku sitolo ya mmwenye. Zakuda, zachikopa, zosongoka kutsogolo, za kalamba ndi kachitsulo kam'mbali. Zinali zokongola, ndisaname, zinkanunkhira sitolo. Ndinazilandira ndi manja awiri nditagwada, ndikuthokoza kuti yewo chomene, yewo chomene, mpaka anandiuza kuti basi, kuthokozako kwakwana. Kenaka ndinayesa kuvala. M'litali kabango sikananame. Koma phazi linalowa mpaka pa zala n'kuima, ngati ng'ombe pakhomo la khola la mbuzi. Ankhazi anabweretsa sopo ndi supuni. Lusungu anagwira nsapato, ankhazi anakanikiza chidendene ndi supuni, ine ndinakumbatira mzati wa khonde. Linalowa. Zala zinakwerana, chaching'ono chinapindika n'kugona pansi pa chinzake. Nditaimirira ndinaona nyenyezi dzuwa lili pamutu.

Ndinati zikuwawa. Ankhazi anati nsapato zonse zatsopano zimaluma, phazi la kumudzi liyenera kuphunzira mwambo. Bambo Chirwa anati ngakhale iwo za paukwati zinawaluma mpaka mwana woyamba anabadwa, ndipo anaseka okha. Ndinapempha kuti akasinthe, atenge zokulirapo kapena zachimuna. Ndinapempha ngakhale nkhwaira, zija amadula ku matayala akale kumsika, pakuti wodulayo amakupondetsa pa mphira n'kuzungulira phazi lonse ndi khala. Za nkhwaira bambo Chirwa anakafunsadi, ndisawanamizire. Atcheyamani anayankha kuti nduna sikubwera kudzaona matayala. Za kusintha ankhazi anakana ndi mutu ndi mapewa omwe. Anati mmwenye salandira katundu wotuluka kale, ndipo mtsikana savala zachimuna.

Ndinayesa kupalasa nazo. Kunsi kwake kunali kosalala ngati sopo, ndiye chikopa chosalala pa chitsulo chosalala mukudziwa nokha. Zala zimene zinkandigwira zinali m'ndende. A Munthali anandiitana ku bwalo la sukulu ana ataweruka kuti aone mmene ndikuchitira. Anaona ndikuterereka, anaona ndikutsimphina potsika. Ndinawauza kuti popanda nsapatozi ndimathamanga bwino. Anati lamulo si lawo, ndipo maphunziro amayamba ndi kupirira. Nsapato zawo zinali zofewa, zowakwana, zopaka polishi.

Amayi ena oyandikana nafe, a ku Ntcheu, anandiona ku mpopi ndikuyenda ngati nkhuku yomangidwa miyendo, nandipatsa nzeru ya kwawo. Anati ndidzaze chimanga chouma m'nsapatomo, ndithire madzi, nditseke pakamwa ndi nsanza. Chimanga chikamafufuma chimakankha chikopa, nsapato imatanuka yokha. Ndinachita zimenezo kutatsala masiku ochepa, n'kuzibisa kuseri kwa mtondo. Zinandiulula ndi nkhuku. Ankhazi potuluka m'mawa anapeza zitazungulira mtondo zikujompha nsanza.

Anandikwapula ndi chingwe changa chomwe chomangira nkhuni. Kukwapulidwa sikunali kwachilendo. Chimene chinandilowa m'kati ndi mawu amene anawapulumuka ali mkati mokwapula.

"Ufuna uzitanule kuti Lusungu adzavale chiyani pa Khirisimasi? Iwe wangobwereka izi, n'za tsiku limodzi."

Ndinaleka kulira pomwepo. Apo m'pamene ndinadziwa chifukwa chake zokulirapo zinakanika, zachimuna zinakanika. Kabango kanali kanga, koma nsapato zinali za Lusungu. M'litali mapazi athu ankafanana, koma lake linali ngati mcheni, langa ngati chambo. Ankhazi ankadziwa zimenezo tsiku lija ankathyola bango, ndipo ankadziwa pokanikiza ndi supuni.

Anakhuthula chimangacho, naika nsapato pafupi ndi mbaula kuti ziume msanga. Chikopa chonyowa chikauma ndi moto chimakwinyika n'kuuma gwa. Zinachoka pa mbaula paja zili zazing'ono kuposa mmene zinachokera kwa mmwenye. Lusungu anandipeza kuseri kwa khitchini, nalumbira kuti iye sankadziwa. Anafuna kundibwereka masokosi. Ndinamufunsa kuti masokosiwo akalowera pati.

Tsiku la chikondwerero kunacha ndi chifunga ndi mvula yamawawa, kuzizira kuja kwa Mzuzu kolowa m'mafupa. Anandiveka yunifolomu yakale ya Lusungu. Ndinadziona pa galasi la zenera, ndipo ndinadziuza kuti ngakhale andidule mapazi onse awiri, chovala ichi sindivula. Sopo ndi supuni zinagwiranso ntchito yake. Ku bwalo anthu anali ngati nyerere: amayi a nsalu za chipani akuvina, ankhazi ali momwemo, ana a sukulu m'mizere akunjenjemera, anyamata a malaya ofiira akuyendayenda ndi ndodo. Pa nsanja nduna inakhala pakati, munthu wina ataigwirira ambulera.

Anatiuza njira: kutuluka pa geti, kutsata msewu wopita ku Lupaso, kuzungulira mgolo umene anauimika pa mphambano, kubwerera, n'kudzamalizira kutsogolo kwa nsanja. Atsikana enawo anali ana a mabwana, ali ndi njinga zachikazi zopanda chitsulo chapakati, zina za mabelu. Atandiona ndikulowetsa mwendo pansi pa chitsulo anaseka, wina nati a Nkhafi abwera ndi bwato lawo. A Munthali anandigwira paphewa.

"Palasa, mwana wanga. Lolemba ukhala pa desiki."

Wezulo inalira. Ndisanafike pa geti phazi linaterereka, kachitsulo kanandimenya pa msongolo. Ndinabwezera, linatererekanso. Ndinatuluka ndili womaliza, anthu akuseka. Mumsewu mapazi anayamba ndi kuwawa, kenaka kuzizira, kenaka anangosiya kumveka. Sindinkadziwa ngati ndaponda pedulo kapena mphepo. Chimene ndinamva ndi kufunda konyowa m'kati mwa nsapato, ndinadziwa kuti matuza aphulika. Ndimafika pa mgolo anzanga atazungulira kale, akukumana nane akubwerera, mabelu akulira.

Apo ndinakwiya. Ndikunena mkwiyo weniweni, uja umayeretsa maso. Ndinatsika, ndinakhala m'matope ndi yunifolomu yomwe, n'kukoka nsapato. Zinatuluka ndi khungu. Ndinazimangirira pa handulo ndi timalamba take. Mapazi ataponda chitsulo chozizira chija, zala zinatambasuka chimodzichimodzi ngati anthu otsika m'basi yodzaza. Ndinapalasa, ana inu. Njinga yozolowera mtolo wa nkhuni tsiku limenelo inali tsamba louma. Ndinawapitirira mmodzimmodzi, palibe anasekanso. Pa chitunda chomaliza ndinapitirira wotsogola, mtsikana wamtali wa njinga yobiriwira, ali wefuwefu.

Lamulo lija sindinaliiwale. Pafupi ndi geti ndinaima kuti ndivale. Koma phazi lotupa, popanda sopo, popanda supuni, popanda ankhazi okanikiza, silinalowe ngakhale theka. Ndinakoka ndi manja, ndinamenyetsa pansi, kanthu ayi. Wa njinga yobiriwira anatulukira pa khona. Ndinaganiza mwachangu kuti sukulu andilonjeza chifukwa cha kupalasa, osati chifukwa cha nsapato, ndipo munthu wamkulu aliyense akaona magaziwa amvetsa. Umenewo ndiwo unali umwana wanga. Ndinabwezera nsapato pa handulo, ndinakwera, n'kulowa.

Bwalo linaphulika. Amayi analuluta, ana a sukulu ya a Munthali anaswa mizere akufuula Nkhafi, Nkhafi, ndipo tsiku limenelo dzinalo linakoma. Koma nsanja inali kumanzere, mbali imene wopalasa chamkati amalendewera. Ndinadutsa pamaso pa alendo onse mapazi ali poyera, ofiira, nsapato zikulendewera pa handulo ngati nsomba zamalonda. Phokoso linayamba kufa kuchokera ku nsanja, kumafalikira m'mbali, monga moto wothiridwa madzi. Ngati nduna inaona sindikudziwa, inali kuyankhula ndi woigwirira ambulera. Koma atcheyamani anaona, ndipo anaona kuti ena aona.

Anyamata awiri a malaya ofiira anandichotsa pa njinga ngati thumba, nandikokera kuseri kwa nsanja, nandigwaditsa pa miyala. Atcheyamani anabwera. Anafunsa amene wandituma kudzachititsa manyazi boma pamaso pa alendo, kukoloweka nsapato pa handulo ngati mbendera. Anati izi si nzeru za mwana, pali wamkulu kumbuyo kwake, ndipo amupeza. Ndinayesa kufotokoza, koma Chichewa changa chinathawa, m'kamwa munkangotuluka Chitonga. Anaitanitsa a Munthali.

Anabwera chipewa chili m'manja. Ndinawayang'ana mmene mwana amayang'anira bambo ake agalu akamuzungulira. Atcheyamani anafunsa ngati ndine wa pasukulu yawo.

"Ayi bwana. Ameneyu kwathu sanalembedwe. Yunifolomuyo wangobwereka kwa wina. Ife sitikumudziwa."

Ankayankhula akuyang'ana m'chipewa. Bambo Chirwa ataitanidwa anati ndine kamtsikana kantchito kochokera kunyanja, kosamva, ndipo akakalanga okha kunyumba. Sananene kuti ndine mwana wa alamu awo. Ankhazi anafika pomaliza, thukuta la gule lili pankhope. Mapazi anga sanawayang'ane. Anamasula nsapato pa handulo, nasuzumira m'kati, nayamba kupukuta magazi ndi nsonga ya nsalu.

Atcheyamani analamula kuti ndizivale pomwepo. Anyamata aja anazilanda m'manja mwa ankhazi, nandigoneka chagada, wina kugwira bondo, wina kukankha. Zinalowa. Musandifunse mmene zinalowera. Ndinagwada nazo mpaka zoyankhula zonse zinatha, ndikumva pa chimkuzamawu akutchula dzina la mtsikana wa njinga yobiriwira, anthu akuomba m'manja. Kenaka ndinayenda nazo wapansi mpaka ku Katoto, pakuti njinga inatsala komweko. M'mawa mwake bambo Chirwa anaitanidwa ku ofesi ya chipani, ndipo pobwera anati njingayo aipereka ngati mphatso, mwa kufuna kwawo. Anakhala masiku osandiyankhula.

Lolemba ndinakulunga mapazi ndi nsanza n'kupita kusukulu. Inde, ndinapita. Ndinkati zija a Munthali ananena chifukwa cha mantha, lero kulibe atcheyamani, andilemba. Ndinakhala pa khonde la ofesi yawo, ana akulowa m'makalasi akundiyang'ana chamseri. A Munthali anatuluka, anandiona, nabwereranso m'kati. Anatuma mphunzitsi wina wamkazi kudzandiuza kuti ndichoke, ndisadzaonekenso pafupi ndi mpanda, ndingawaike m'mavuto. Mayiyo anandiperekeza mpaka pa msewu, nandiuza motsitsa mawu kuti ndizitsuka mabalawo ndi madzi amchere.

Kwathu nkhani inafika yokhota. Bambo anga anamva kuti ndapalamula kwa a chipani, ndipo anatumiza nsomba zouma kwa ankhazi kuthokoza kuti sanandithamangitse. Zikhadabo za zala zing'onozing'ono zinathothoka, zimene mukuziona zopindikazi ndi zomera pambuyo. Mabala atapola ndinabwerera ku Kaning'ina, nkhuni pamutu.

Mufuna mudziwe za enawo? Lusungu nsapato zija anazivala pa Khirisimasi, zinamukwana bwino, ngakhale ankhazi anachita kumukalipira kuti azivale. Anaphunzira, anakhala namwino ku Lilongwe, ndipo mpaka lero amanditumizira mankhwala a miyendo. Bambo Chirwa anapuma pantchito ndi ulemu wawo wonse, anamwalira ali mkulu wa mpingo. Ankhazi anakalamba kwambiri. Nthawi ina ndili ndi ana anga ndinawakumbutsa nkhaniyi, anati sakukumbukira kuti ndinapalasapo njinga. Atcheyamani, zipani zitachuluka, anasintha malaya nakhalanso atcheyamani. Ine ndinakwatiwa ndi agogo anu aamuna, ogulitsa makala, ndipo njinga yawo ndinaipalasa mpaka mawondo anakana. Nsapato ndimagula zachimuna pa kaunjika, ndimayesa ndekha zonse ziwiri, wogulitsa anyinyirike.

Atsala a Munthali. Ana anga atakula, kutchalitchi analengeza kuti kuyamba sukulu ya akuluakulu. Ndinagula kope ndi pensulo, ndinavala nsalu yabwino, n'kupita. Kulowa m'chipinda, pa bolodi paima nkhalamba ya imvi, yopuma pantchito, yodzipereka kuthandiza osaphunzira. Ndinawazindikira asanatsegule pakamwa. Iwo sanandizindikire. Ankafunsa mayi aliyense dzina ndi chimene chinamulepheretsa kuphunzira ali mwana, mokoma mtima ndithu. Anafika pa ine.

"Nanga inu amama, chinavuta n'chiyani? Makolo sanafune?"

"Makolo anafuna, aphunzitsi. Ndine Nkhafi, wa njinga yakuda. Inu ndi amene simunandidziwe."

Anaika choko pansi. Kenaka anati nthawi zija zinali zoopsa, sindingamvetse, iwonso anali ndi ana oti awateteze. Ndinawauza kuti inenso ndinali mwana. Ndinatenga kope langa n'kutuluka, sindinabwererekonso. Atamwalira maliro awo anali aakulu, anthu ankati anaphunzitsa theka la Mzuzu.

Amayi anzanga amati ndinadziluza ndekha, ndikanakhala pansi bwenzi lero ndikulemba ndekha dzina langa. Mwina akunena zoona. Tsopano ndimamvetsa kuti onse aja ankaopa. Atcheyamani ankaopa nduna, a Munthali ankaopa atcheyamani, bambo Chirwa ankaopa kutaya ntchito. Mantha ankatsika, aliyense kupatsira wa pansi pake, mpaka anafika pa ine amene pansi panga panalibe wina woti ndimupatsire. Kumvetsa ndamvetsa, koma munthu asandiuze kuti kumvetsa ndi kukhululuka. Inu mukuphunzira, mudzavala majekete. Lidzafika tsiku limene wamkulu wina adzaloza mwana wogwada n'kukufunsani ngati mukumudziwa. Yankho lake mulikonzeretu lero, pakuti tsikulo m'kamwa mumauma.